Matenesi a Amayi

Anali oyera, a nsalu yolimba ngati ya tenti, kunsi kwake mphira wopyapyala, kutsogolo kachipewa ka mphira kotchinga zala. Zingwe zake zinali zitasinthidwa kawiri, koma amayi ankawatchabe atsopano. Ankakhala kuchipinda, pamwamba pa sutikesi, atakulungidwa m'pepala la pulasitiki, ndipo ukatsegula pepalalo unkamva fungo la sopo, mphira ndi choko. Kwathu, kufupi ndi Msakambewa, nsapato zoterezi tinkazitcha matenesi, ngakhale m'mudzi monse munali munthu mmodzi yekha amene anaonapo masewero a tenesi ndi maso ake.

Mwezi wathawu mwana wanga wamkazi anabwera nawo a mtundu womwewo kuchokera m'sitolo ina ya mu Lilongwe, atawanyamula m'bokosi ngati mazira. Anawavala ndi diresi la chitenje popita ku ukwati wa mnzake, ndipo akuti mkwati nayenso atangotuluka m'tchalitchi anavula gogoda n'kuvala omwewo kuti avine bwino pa perekaniperekani. Anandifotokozera, mondimvera chisoni pang'ono, kuti imeneyi ndiye fasho ya masiku ano, ndipo anyamata akuwavala ndi suti. Sindinamutsutse. Ana amasangalala akamaganiza kuti zinthu zayamba ndi iwo, ndipo ine ndinali ndi zochapa.

Munthu mmodzi amene anaona tenesi uja anali amalume, mlongo wawo wa amayi, amene ali mnyamata anagwirako ganyu yotchetcha kapinga pa Boma. Iwo ankati nsapatozi zinabwera ndi azungu amene madzulo ankamenyerana kampira ndi zinthu zonga sefa. Azunguwo anapita, bwalo lawo linamera udzu, koma nsapato zinatsala. Anayamba kuzivala ndi anamwino, chifukwa sizigogoda m'chipinda cha odwala. Kenako aphunzitsi achizimayi anaona kuti n'zopepuka, sizifuna polishi, ndipo zikada umangozichapa ngati malaya. Aphunzitsiwo anapita nazo ku kwaya, ndipo amayi a mumpingo ataona mmene zinkagwirizanirana ndi bulauzi yoyera, nkhani inatha. Sindikudziwa ngati amalume ankanena zoona zokhazokha, poti ankakonda kukometsera. Chimene ndikudziwa n'chakuti pamene ine ndinkakula, matenesi anali nsapato za Lamulungu, za ku ukwati ndi za kumaliro. Munthu wothamanga atawavala akanaonedwa ngati mutu wake sukuyenda bwino.

Matenesi a amayi anachokera ku Joni. Bambo anga, mkamwini wochokera kumapiri a Ntchisi, anapita kumeneko ine ndisanayambe sukulu, atalonjeza kuti akakhala zaka ziwiri. Chaka choyamba makalata ankabwera, chachiwiri anayamba kubwera modumphadumpha, ndipo chachitatu kunabwera munthu wina wa kwawo atanyamula phukusi. M'phukusimo munali matenesiwo basi, mopanda ndi kalata yomwe. Kuchokera apo kunali zii. Chaka chimene ndikunenachi ndinali mu Sitandade 6, ndipo nkhope ya bambo ndinkaikumbukira ngati nyumba imene unaiona uli m'basi.

M'mudzi mwathu mkazi amene mwamuna wake wasowa sankapatsidwa mpata wopuma. Kuchitsime, kuchigayo, ngakhale kumaliro, funso linali lomwelo, loti bambo akunyumba abwera liti. Ena ankafunsa mwachifundo, ena pofuna kuona ngati nkhope igwe. Amayi sankayankha zambiri. Yankho lawo linkabwera Lamulungu, pamene ankaima pamzere wakutsogolo wa kwaya ya amayi, bulauzi yoyera, siketi yakuda, duku loyera, ndipo kuphaziko matenesi owala kuposa a wina aliyense. Mpingo wonse unkadziwa kumene anachokera. Malinga ngati akuwala, amayi anali akadali mkazi wa munthu, wokumbukiridwa, osati wosiyidwa.

Amalume ndiwo anali nkhoswe ya ukwatiwo, ndipo anali atatopa. Ankabwera pa njinga yawo yolira tcheni, n'kukhala pakhonde, kuyamba ndi za fodya ndi feteleza, kenako n'kufika pomwe ankafuna. Anali atamva kwa anthu obwerako kuti bambo ali ndi banja lina kumeneko. Ankafuna kuti amayi awalole kukwera ku Ntchisi kukakumana ndi ankhoswe a kuchimuna, ukwati uthe mwadongosolo, amayi akhale omasuka. "Achemwali, nsapato si mwamuna," ankatero. Amayi ankayankha kuti munthuyo akanakhala atawaiwala sakanatumiza kanthu, ndipo nkhani inkathera pomwepo mpaka mwezi wotsatira. Zambiri mwa izi ndinadzazimva nditakula. Nthawi imeneyo akangoyamba kutsitsa mawu ankandituma kukatunga madzi, ndipo chimene ndinkatolapo n'chakuti amalume sakonda matenesi.

Ntchito yanga inali ya choko. Kuti matenesi awale, sopo yekha sankakwanira. Loweruka m'mawa amayi ankawakwecha ndi chitsononkho n'kuwatsukuluza, kenako ankasinja choko pamwala, kuthira madzi pang'ono mpaka chikhale ngati phala la mwana, n'kupaka ndi nthenga ya nkhuku, osaiwala m'mbali mwa mabowo a zingwe. Ankawayanika padenga la nkhokwe, pomwe mbuzi sizingafike. Chokocho ndinkabwera nacho ndine, tizidutswa totsala pansi pa bolodi, tating'ono moti zala za munthu wamkulu sizikanalembera. Sindinali ndekha pa malondawa. Lachisanu belu lomaliza likalira, atsikana tinkalimbirana tsache losesera m'kalasi, ndipo ahedi ankatiyamikira pamzere kuti ndife ana aukhondo. Aphunzitsi ena onse ankadziwa. Mmodzi ankati choko cha pasukulu pano theka limalemba pa bolodi, theka limapita kukapemphera.

Ulendo wa ku tchalitchi unali wa ola lathunthu, kutsika dambo n'kukweranso mtunda. Amayi sankavala matenesi kuchokera kunyumba, ndipo palibe ankachita zimenezo. Ankawanyamula m'chitenje, n'kuyenda chosavala pamame ndi pafumbi mpaka pa kamtsinje ka kumunsi kwa tchalitchi. Pamenepo amayi a midzi yonse yozungulira ankakhala pamiyala, kukwecha zidendene, kudzola mafuta, n'kuvala. Kuchokera pamtsinjepo kukafika pakhomo la tchalitchi ankayenda mosankha poponda, ngati munthu wodutsa m'nazale ya fodya. Mapemphero akatha ankavulira pansi pa mitengo ya bulugama, aliyense akuuzira fumbi pa zake. Ndikaganiza tsopano, m'zaka zonse zija matenesi a amayi sanayende mtunda wokwanira ngakhale kuchoka kwathu kukafika pa Boma.

Inali nyengo yachisanu, mtedza utakumbidwa, uli mbwee pabwalo kudikira kuuma. M'mawa nkhungu inkatsika kuchokera kumapiri a Ntchisi n'kukhala m'dambo mpaka dzuwa litakwera. Milomo inkang'aluka, zidendene zinkachita mang'a, ndipo tinkapita kusukulu titafumbata timiyala towotcha pamoto, tikumatisinthasintha m'manja. Inalinso nyengo ya mpira wamanja. Ine ndinkasewera pakati, osati chifukwa cha msinkhu, poti ndinali wamfupi kuposa onse, koma chifukwa sindinkadziwa kuima. Amayi ankandiona pafupifupi tsiku lililonse pochokera kudimba, chifukwa njira yawo inkadutsa m'mbali mwa bwalo. Ankaima pang'ono, khasu lili paphewa, n'kupitirira. Madzulo ankangoti ndimathamanga ngati mbuzi yodula chingwe.

Tinkasewera chosavala, monga ankachitira aliyense kumudzi, ndipo chaka chimenecho zinatiyendera. Tinagonjetsa sukulu zoyandikana nafe, tinakagonjetsanso ina ya cha ku Nachisaka, ndipo tinauzidwa kuti tikupita ku Boma. Aphunzitsi athu a masewero anali mayi wachitsikana wongochoka kumene ku koleji, wovala matenesi ngakhale pakati pa sabata, chinthu chimene amayi a m'mudzi ankachiona ngati kusakaza. Anali atamva kuti chaka chinacho atsikana a sukulu ina yakumudzi anasekedwa pa Boma chifukwa chosewera opanda nsapato, ndipo analumbira kuti ife sitikasekedwa. Sanatifunse ngati tinayamba tathamangapo titavala nsapato. Anangolengeza kuti aliyense akabwereke matenesi a amayi ake, poti m'nyumba iliyonse yopemphera alimo. Lero ndimawamvetsa. Anali wamng'ono kuposa mwana wanga uyu, ndipo manyazi ankawaopa kuposa kugonja.

Vuto linali tsiku. Mpirawo unali Loweruka, ndipo Lamulungu lake linali la mgonero, pamene nthambi zonse za mpingo zinkasonkhana pa tchalitchi chathu, poti ndicho chinali chachikulu, kwaya ya amayi n'kuimba kutsogolo kwa anthu amene sitinkawaona chaka chonse. Zinanditengera masiku atatu kuti ndipemphe. Ndinapempha Lachinayi madzulo, amayi akuswa mtedza m'lichero, ndipo ndinali nditakonzeka kale kukanidwa, mwinanso ndinkafuna kukanidwa. Anasiya kuswa mtedza. Anayang'ana mapazi anga, otuwa, okhala ndi chilonda pachala chachikulu, kenako anadzuka, kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi pepala la pulasitiki lija.

"Mawa lake ndi mgonero, ukudziwa," anatero.

Ndinati ndikudziwa, ndipo ndinalonjeza zinthu zambiri zimene sanandifunse. Matenesiwo anali aakulu kwa ine, choncho tinang'amba kope lakale la masamu n'kufinyira mapepala kutsogolo. Lachisanu amayi anawapaka choko kawiri.

Si iwo okha anachita zimenezo. Mayi aliyense wa mtsikana wa m'timu anapaka kawiri, ena katatu, chifukwa nsapato zinali kupita ku Boma kukaonedwa ndi anthu. Loweruka m'mamawa tinakwera kumbuyo kwa galimoto ya matola, atsikana asanu ndi anayi, mapazi ali pamtunda, aliyense atakumbatira phukusi lake pamiyendo. Msewu unali wokhotakhota, mphepo ikuluma makutu, ndipo tinkaimba kuti tisamve kuzizira. Titafika tinafunafuna mpopi, kusamba mapazi, kudzola mafuta n'kuvala, monga momwe tinkaonera amayi athu pamtsinje. Atsikana a pa Boma anali atavala nsapato za mtundu womwewo, koma zakuda bii, zogulidwa pa kaunjika, zina zomangidwa ndi zingwe zosiyana. Tinayang'anana n'kuwamvera chisoni. Tinaona kuti ndi ana osaleredwa bwino.

Bwalo linali la katondo wofiira, wouma gwa, ndipo pamwamba pake panali fumbi losalala ngati ufa. Kwathu mizere tinkakumba ndi khasu. Kuno anali atailemba ndi oyilo wakutha wa galimoto, wothiridwa m'mawa womwewo, wakuda, wonyezimira, wosauma. Tinaima n'kumauyang'ana. Wezulo italira ndinalandira mpira n'kuponda pansi, ndipo kuphazi kwanga kunatuluka utsi woyera. Mnzanga amene ndinamuponyera anaponda, nayenso utsi. Choko chopakidwa katatu chija chinkangofumbuka pa sitepe iliyonse, timu yonse ikuyenda m'kamtambo kake. Anthu anayamba kuseka kumbali imodzi ya bwalo, kuseka kuja kunazungulira, ndipo mnyamata wina anakuwa kuti a kuchigayo afika. Choncho tinasekedwabe, ndipo tinasekedwa titavala nsapato.

Mmene tinasewerera gawo loyamba sindinaonenso kwina kulikonse. Mtsikana aliyense anali ndi mawu omaliza a amayi ake m'makutu. Wotchinga kumbuyo akaona mdani akubwera ankapatuka kuti asapondedwe. Womwetsa zigoli ankayamba wayang'ana kuphazi asanayang'ane kumwamba. Mizere ya oyilo tinkaidumpha ngati mitsinje, ndipo mpira ukagudubukira kufumbi lambiri tinkaima n'kuuperekeza ndi maso. Mnzanga wina anawerama masewero ali mkati, kunyowetsa chala ndi malovu n'kuyamba kupukuta kadontho pansapato, mpira n'kumudutsa pamsana. Palibe aliyense wa ife ankaona chachilendo pa zimenezi. Tinali kuchita chimene munthu amachita akavala matenesi.

Pa nthawi yopuma tinali titasiyidwa kutali. Aphunzitsi anatisonkhanitsa pansi pa mtengo, maso ali ofiira. "Kodi mwabwera kudzasewera, kapena kudzadya mgonero?" Wamkulu wa timu anapempha mwaulemu kuti tingovula, tisewere monga timasewerera kwathu. Aphunzitsi anakana, amvekere kuvula tsopano ndiye kudzivula ulemu wonse. Ndikanakonda kunena kuti chimene chinandisintha ndi misozi yawoyo, kapena kukonda sukulu yanga, koma lingakhale bodza. Pobwerera m'bwalo mtsikana amene ndinkalimbana naye pakati anandigwadira pang'ono, manja ali pamodzi, n'kundipatsa moni kuti, "Mwaswera bwanji amayi abusa?" Anzake anaseka. Mutu unangotentha, ndipo Lamulungu linachoka m'maganizo mwanga.

Ndinathamanga. Ndipo pothamangapo ndinazindikira chinthu chimene palibe anandiuzapo, chakuti nsapato zija zinali zabwino. Mphira unkagwira pansi, miyala sinkamveka, ndinkatha kuima mwadzidzidzi n'kutembenuka popanda kusupuka chala. Ndinadutsa pa oyilo, ndinagwa, ndinadzuka, ndinapondedwa, nanenso ndinaponda. Anthu aja anasiya kuseka n'kuyamba kukuwa kuti kamfupiko, kamfupiko. Ndinamva kukoma kumene sindinakumvenso ngakhale tsiku la ukwati wanga, ndipo sindichita manyazi kunena. M'moyo wawo wonse matenesi a amayi anagwira ntchito imene anawapangira kwa theka la ola lokhalo. Kutatsala pang'ono kuti mpira uthe ndinamva kuti khwee kuphazi lakumanja. Nsalu yofooka ndi zaka za chitsononkho ndi choko inang'ambika motsatira mphira, kuchokera kuchala chachikulu mpaka pakati, ndipo mapepala a masamu anatulukira. Tinagonjabe. Munthu mmodzi sawina mpira wamanja, makamaka anzake asanu ndi mmodzi akuyenda monyang'ama.

Pobwerera m'galimoto munalibe nyimbo. Anzanga anavula nsapato zawo, kuuzira fumbi, kuzikulunga, ndipo aliyense anaona kuti kwawo akalowa bwinobwino. Matenesi anga ankangowayang'ana n'kuyang'ana kumbali. Titatsika ndinawasiya atsogole, ine n'kupatukira kudambo. Ndinalibe sopo, choncho ndinakwecha ndi mchenga. Katondo ananyowa n'kulowerera m'nsalu yonse, oyilo anafalikira pomwe panalibe, ndipo kung'ambika kuja kunakula. Ndinali ndi tizidutswa ta choko m'thumba, ndinasinja pamwala n'kupaka ponyowa pomwepo, n'kutuluka matope a mtundu wa mbatata yofiira. Ndinakhala pansi n'kulira. Sindinkaopa chikwapu, poti ndinali nditachizolowera. Ndinkaopa za mawa, chifukwa ngakhale sindinkamvetsa zonse, ndinkadziwa kuti amayi sangaime kutsogolo kuja opanda nsapatozi.

Ndinafika kunyumba dzuwa lili pamwamba pa phiri. Amalume analipo, njinga itatsamira pa mtengo wa papaya, ndipo amayi anali pamphasa kupeta mtedza. Ndinagwada patali n'kuika matenesiwo pansi, akudontha. Amalume anaimba kamluzu kotsika. Amayi anaika lichero pambali, kutenga nsapato yakumanja, kuitembenuza, n'kupisa zala ziwiri pong'ambika paja mpaka zinatulukira mkati.

"Mwawina?"

"Ayi."

"Koma iwe unathamanga?"

"Eya, amayi."

"Zikuoneka," anatero, n'kuiika pansi pafupi ndi inzake. Anandiuza kuti mumphika muli mbatata, ndipo ndikatha kudya ndikatsekere mbuzi. Ndinadikira kuti chikwapu chibwera amalume akachoka, koma sichinabwere. Zimenezi zinandiopsa kuposa kukwapulidwako.

M'mawa mwake mayi wina woyandikana nafe, amene anali ndi mwana wakhanda ndipo sankapita ku mgonero, anabwera ndi matenesi ake kuti awabwereke amayi. Nkhani inali itazungulira kale mudzi. Amayi anathokoza n'kuwabweza. Tinayenda ulendo wathu wa masiku onse, chitenje chawo chili chopanda kanthu. Pamtsinje anakhala pamwala wawo, kukwecha zidendene, kudzola mafuta, kenako anangodzuka n'kuyamba kukwera mtunda, akuponda paliponse, anzawo akadali kumanga zingwe. Anaima pamalo awo, pamzere wakutsogolo. Kuchokera pomwe tinkakhala ana ndinkaona mzere wa nsapato zoyera, ndipo pakati pake mapazi awiri a amayi anga, onyezimira ndi mafuta, akuponda simenti motsatira nyimbo. Tchalitchi chonse chinkayang'ana pansi. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika, chifukwa aliyense ankadziwa amene wachititsa.

Patapita zaka zambiri mayi wina amene ankaimba nawo anandiuza zimene zinachitika pansi pa bulugama mapemphero atatha, ine nditathawira kale kunyumba. Anzawo anawazungulira kudzawapepesa, ena kuwalangiza za kaleredwe ka ana, ndipo mmodzi anafunsa mwachizolowezi ngati bambo akunyumba akamva za ngoziyi sangabwere ndi zina. Amayi akuti anayankha kuti sakudziwa kumene bamboyo ali, ndipo asiya kuwadikira. Anatero ndi mawu wamba, ngati akunena mtengo wa tomato, n'kutsanzika.

Ndakhala ndikudzifunsa ngati anandibwereka dala. Ankadziwa katondo wa pa Boma, ankadziwa kathamangidwe kanga kuposa aphunzitsi, ndipo ankadziwa kuti nsalu ija yatha mphamvu, poti ankaigwira ndi manja awo sabata iliyonse. Munthu wodziwa zonsezi sapereka nsapato zake Lachinayi n'kumayembekeza kuzivala Lamulungu. Mwina sakanatha kuzitaya okha, ndipo anafuna wina awatayire. Mwinanso anangomvera chisoni mwana wa chilonda pachala, zinazo n'kungotsatira. Sindinawafunse ali moyo, ndipo ndikuganiza kuti akanandiyankha za mbuzi. Matenesiwo anakhala anga. Wosoka nsapato wa pamsika anawasoka ndi ulusi wakuda, ndipo ndinawavala tsiku lililonse, ofiira choncho, mpaka mphira unaboweka. Mwana wanga akuti masiku ano kuli ena amene amagulitsidwa atadetsedwa kale, ndipo ndiwo odula kwambiri.

Lolemba m'mawa, ndisananyamuke kupita kusukulu, amalume anafika atavala tayi. Sindinawaonepo atavala tayi pakati pa sabata. Sanakhale pakhonde, ndipo za fodya sanazitchule. Amayi analowa kuchipinda n'kutuluka ndi jekete la bambo, lotuwa, lonunkha mankhwala a njenjete, pamodzi ndi Baibulo lawo ndi kabokosi ka lumo. Anaziika pamphasa n'kupita kukafuna thumba loti amangiremo. Ndinafunsa amalume kumene akupita, ndipo anati ku Ntchisi, kwa abale a bambo.

Ndinalumikiza nkhani yonse ndekha, ndipo inandikomera. Ku Joni kumazizira, aliyense ankanena zimenezo. Ndiye kuti ku Ntchisi kuli munthu amene akupita kumeneko, ndipo amayi akutumiza jekete. Bambo akalandira jekete adzafunsa za kunyumba, adzamva za nsapato, ndipo adzatumiza zina. Chinatsala n'chakuti adziwe muyezo, poti papita zaka. Ndinathamangira kuseri, kutenga luzi pa nkhokwe, kuliyeza pa nsapato yakumanzere kuyambira kuchidendene mpaka kuchala, n'kulidula ndi mano. Ndinang'amba pepala m'kope n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti muyezo wa amayi ndi uwu, akhale oyera, afike mgonero wina usanakwane. Ndinakulunga luzi m'pepalamo n'kuika m'thumba lamkati la jekete.

Amalume anandiona. Anatulutsa pepalalo, kuliwerenga, n'kutsegula pakamwa kuti anene kanthu. Amayi anali atangotuluka ndi thumba m'manja. Anayang'ana luzi lija, kuyang'ana ine, kenako anapukusira amalume mutu pang'ono. Amalume anapinda pepalalo bwinobwino, kulibwezera m'thumba la jekete, n'kundiuza kuti akapereka. Anamanga katunduyo pa kaliyala n'kupalasa kulowera kumapiri, ine n'kuwathamangira mpaka pamphambano ndikuwakumbutsa kuti pepala lisagwe.

Anabwerako Lachitatu, kaliyala ili yopanda kanthu. Anakhala pakhonde n'kulankhula motsitsa mawu, ndipo amayi anawathokoza ndi manja awiri n'kuwaphera nkhuku. Ine ndinaona kuti zonse zayenda bwino. Kuyambira sabata imeneyo, ndikaweruka kusukulu ndinkazungulira njira ya kumsewu, ndipo galimoto ya matola ikaima ndinkayang'ana aliyense wotsika ngati wanyamula phukusi. Ndinachita zimenezo mpaka kutentha kunabwera, mpaka mvula yoyamba inagwa, mpaka tinadzala chimanga. Amayi ankadziwa kumene ndimachedwa, ndipo ankangondisungira chakudya. Sindinkadziwa kuti katundu wa mwamuna akabwezedwa kwawo ndiye kuti ukwati watha, ndiponso kuti jekete lija ulendo wake unathera ku Ntchisi, pamsomali wa m'nyumba ya azakhali, pepala langa lili m'thumba momwemo.